Kope la Mbumba: Phunziro Loyambira pa Khonde la Agogo

Amayi ndi atsikana a kwa Kapondo ndi madera onse a m'malire muno, chimanga chikalowa m'nkhokwe, fodya n'kupita ku okushoni, mtedza n'kuuma pabwalo, mayi wa kumudzi amapezako kampata kowongola msana. Sikakhala kampata kakakulu ai, pakuti mtondo, chitsime ndi dimba sizidziwa tchuthi. Komabe masana a mu July ndi August amapepukako poyerekeza ndi a nthawi ya kupalira ndi kubandira. Tsono funso la tsamba lathu sabata ino ndi ili: kodi pa kampata kameneka, n'chiyani chimene mtima wanu umakonda kufufuza, popanda mphunzitsi wokuumirizani kapena mayeso okudikirani?

Musafulumire kuyankha kuti zofufuzafufuza n'za anthu a ku yunivesite. Pafupifupi munthu aliyense ali nako kanthu kamene kamamkoka. Alipo mayi wa Chigwirizano amene amalondola maulendo a Paulo pa mapu a kumapeto kwa Baibulo lake kufikira nyali itatha mafuta. Alipo wina amene amasunga nyemba, khobwe ndi nzama zamitundumitundu m'mabotolo, nadziwa mbewu iliyonse kumene idachokera ndi nthaka imene imakonda. Ambiri a inu mukalowa m'thengo mvula itagwa simusokoneza utale ndi nyonzwe, ndipo bowa wakupha mumamuzindikira musanawerame n'komwe.

Nzeru zoterezi anthu ophunzira akhala akuzifuna kwa inu kuyambira kale. Mayi Jessie Williamson, amene adagwira ntchito yofufuza za kadyedwe m'midzi ya dziko lino, adatulutsa mu 1955 buku la zomera zothandiza za kuno, ndipo lidasindikizidwanso mu 1975 litawonjezeredwa. Zambiri zimene zili m'menemo za bonongwe, luni, chisoso, denje ndi kafutsidwe ka ndiwo n'zimene amayi a m'midzi adali kuzidziwa kale. Bambo Brian Morris adabwera kuno kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi, nayamba kuphunzira zachilengedwe pa nthawi yake yopuma. Buku lake la bowa wa m'Malawi lidatuluka mu 1987. Ndipo kwa anansi athu ku Kasungu, William Kamkwamba wa ku Wimbe atalekezera sukulu chifukwa cha njala, adabwereka mabuku pa kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale, ndipo mu 2002, ali ndi zaka 14, adapanga makina a mphepo opatsa magetsi pakhomo pa makolo ake. Palibe amene adamtuma.

Koma pa maphunziro onse amene munthu angadzisankhire, lilipo limodzi limene ndikufuna kukukopani nalo, chifukwa silifuna ndalama, chifukwa mayi ndiye angalichite bwino koposa bambo, ndiponso chifukwa silingadikire. Bowa adzameranso chaka chamawa, ndipo buku la mu laibulale lidzakhala pomwepo pa shelefu. Agogo anu sadzakhalapo. Phunziro limeneli ndilo mbiri ya mbumba yanu.

Kodi mungatchule dzina la amayi a agogo anu aakazi? Nanga mudzi umene adabadwira? Yesani kufunsa anzanu asanu pa chigayo, mudzaona kuti ambiri amalekezera pa agogo awo basi. Chonsecho mwa Achewa mtundu umayenda ndi bele. Mbumba ndi ana aakazi ndi zidzukulu zawo. Amalume amayang'anira monga mwini mbumba, koma tsinde la onsewo ndi mayi. Ngakhale Kalonga weniweniyo ufumu wake unkadzera mwa Nyangu, ndipo pa kachisi wa ku Msinja mvula ankapempha ndi Makewana. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma amene adabadwa mu 1905, adatichitira chamtengo wapatali posonkhanitsa kwa akuluakulu nkhani zimene zili m'buku lake la Mbiri ya Achewa, lomwe lidatuluka m'zaka za m'ma 1940 ndipo lidamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973. Aliyense wofuna kuyamba ntchito imeneyi ayenera kuliwerenga. Komatu buku lotero limatsata mafumu, maulendo a mitundu ndi nkhondo zake. Mayi amene adadula mitengo pa munda umene mukulimawo, kapena amene adabisa ana m'phiri pothawa nkhondo, simudzampeza m'buku la munthu wina aliyense. Mukapanda kumlemba inu, ndiye kuti wapita.

Ndipo musayese kuti n'zongosangalatsa. Milandu yambiri ya malo imene imafika pa bwalo la mfumu imagona pa funso limodzi lokha: adayamba kulima pamenepa ndani, ndipo inu ndinu ndani wake? Chikhazikitsireni lamulo la malo a makolo la 2016, limene limalola anthu kulembetsa malo awo, funsoli lakula mphamvu. Mfumu ikamwalira, anthu amakangana za bele lalikulu ndi bele laling'ono, ndipo kawirikawiri wopambana ndi uja wokuwa kwambiri chifukwa odziwa adatha. Ankhoswe amafuna kudziwa ngati mnyamata ndi mtsikana odzatomeranawo ali asuweni kapena ali pachibale choletsa ukwati. Ngakhale kuchipatala amafunsa ngati m'banja mwanu mudakhalapo odwala shuga, odwala matenda a kuthamanga kwa magazi, kapena obereka mapasa.

Mzere umene udadula midzi

Ife a ku Mchinji tili ndi mwayi, komanso vuto, zimene anthu a pakati pa dziko alibe. Malire a Malawi ndi Zambia adaikidwa ndi azungu mu 1891 potsata mtunda umene umagawa madzi: otsikira ku mtsinje wa Luangwa adakhala a mbali ina, otsikira ku Bua ndi ku nyanja adakhala a mbali yathu. Mzere umenewo sudafunse kuti mwana wa yani adakwatiwa kuti. Chifukwa chake mukayamba kufufuza, simudzayenda mibadwo itatu musanadumphire ku Chipata, ku Chadiza kapena ku Lundazi. Achewa a mbali zonse, pamodzi ndi a ku Mozambique, amakumana mu August chaka ndi chaka ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba wa Kalonga Gawa Undi. Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu amapita ku Mtenguleni mu February pa Nc'wala ya Mpezeni, imene idayambiranso mu 1980 italekeka zaka zambiri. Wofufuza wochenjera sapita kumeneko kukaonera magule okha. Amapita ndi kope m'chikwama.

Pa nkhani ya Angoni ndiyenera kuchedwapo pang'ono, pakuti ndi nkhani ya amayi. Angoni adachokera kumwera ndi Zwangendaba, ndipo atamwalira iye mtundu udagawikana. Gulu la mwana wake Mpezeni lidakhala zaka pakati pa Ansenga lisanakhazikike m'dera la Chipata ndi Mchinji. Ankhondo aja adakwatira akazi a Chinsenga ndi a Chichewa. Adapambana ndi mikondo ndi zishango, koma mwana amayamwa chilankhulo pa bele. Patangopita mibadwo yochepa, Chingoni chenicheni cha kumwera chidatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mau otamanda mafumu, pamene m'nyumba anthu adali kulankhula chilankhulo cha amayi awo. Mukamva agogo a kwa Mlonyeni akulankhula mau ena onga a Chinsenga, dziwani kuti mukumva mapazi a akazi amenewo. Kusakanizika kumeneku ndiko kudachititsa kuti mudzi wina uzitsata chikamwini, woyandikana nawo uzitsata malowolo ndi chitengwa, ndiponso kuti munthu mmodzi akhale wa mfunda wa bambo wake, Jere kapena Phiri, pamene munda ndi manda akutsata kwa amayi. Choncho m'kope mwanu lembani mbali zonse ziwiri, koma pa masamba osiyana. Mukaphatikiza mudzasokonezeka musanafike pa mbadwo wachitatu.

Kupeza chaka popanda kalendala

Vuto loyamba limene mudzakumana nalo ndi la zaka. Akuluakulu ambiri sadalembedwe tsiku lobadwa, ndipo pamene boma lidalembera anthu ziphaso za unzika mu 2017, ena adangoyerekezeredwa chaka poyang'ana nkhope. Mukafunsa kuti, "Agogo, mudabadwa liti?" adzakusekani, kapena adzakupatsani chaka cha pa chiphaso kuti muwaleke.

Akatswiri a mbiri adakumana nalo vuto lomweli, ndipo m'mene adalithetsera ndi phunziro kwa ife. Nkhalamba za Chingoni zinkasimba kuti pa tsiku limene makolo awo adawoloka Zambezi, pafupi ndi Zumbo, dzuwa lidada masanasana. Chaka sizinkachidziwa. Koma odziwa zakuthambo amatha kuwerengera m'mbuyo nthawi ndi malo a kadamsana aliyense, ndipo atawerengera adapeza kuti kadamsana wotero adadutsa kumeneko mu November 1835. Nkhani ya pakamwa idakumana ndi masamu, chaka n'kupezeka.

Inunso chitani chimodzimodzi: mangirirani nkhani iliyonse pa chochitika chimene chaka chake chimadziwika. Kuno kwathu zikhomo zotere zilipo zokwanira. Nkhondo ya azungu ndi Angoni a Mpezeni, imene mwana wake Nsingo adaphedwa, idachitika mu 1898. Boma lathu lino lidatchedwa Fort Manning potengera dzina la William Manning, mkulu wa asilikali pa nkhondoyo, amene pambuyo pake adadzakhala bwanamkubwa. A mpingo wa Dutch adafika ku Magwero mu 1899, ndipo ansembe a White Fathers adatsegula Kachebere mu 1903. Amuna adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ntchito ya mtengatenga, pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo itangotha kudagwa mliri wa fuluwenza. Nkhondo ya Hitler idali ya 1939 mpaka 1945. Chitaganya chidayamba mu 1953, anthu adamangidwa mu March 1959, ufulu udabwera pa 6 July 1964. Makwacha ndi matambala adalowa m'malo mwa mapaundi ndi mashereni mu 1971. Njanji idafika pa Mchinji mu 1980. Sukulu ya pulaimale yaulere idayamba mu 1994, ndipo njala imene ambiri a inu mukuikumbukira idali ya 2001 ndi 2002.

Tsono funso lizikhala lotere: "Agogo, nthawi imene ndalama zinkasintha, kuchoka ku mashereni, inu mudali msinkhu wanji?" Akayankha kuti, "Iwe, chaka chimenecho ndiye ndidagwa pansi, anamkungwi adandilanga mvula isanagwe," mwapeza kale: mtsikana amatha msinkhu ali ndi zaka pafupifupi 13 mpaka 15, choncho adabadwa cha m'ma 1956 mpaka 1958. Lembani kuti "cha m'ma", musalembe chaka chimodzi ngati kuti mudaona ndi maso. Mukatero funsani amene adabadwa nawo nyengo imodzi, amene adavinidwa nawo, mwana woyamba adabadwa njanji itafika kapena isanafike. Chikhomo chimodzi chimakoka zinzake.

Za kafikidwe sindiyenera kukuphunzitsani kwambiri, ndinu ana olangidwa. Munthu safika kwa azakhali chimanjamanja. Kamchere kapena kasopo kamatsegula pakamwa. Khalani pamphasa, tengani lichero, muziswa nawo mtedza kapena kutong'ola chimanga, pakuti nkhalamba imasimba bwino manja akugwira ntchito. Kope lisayambe kuoneka pa ulendo woyamba, chifukwa cholembera chimakumbutsa anthu kalembera wa msonkho ndi wa makuponi, ndipo ena adzayamba kukuuzani zimene akuganiza kuti boma likufuna kumva. Akasochera n'kuyamba kusimba za mbuzi imene idabedwa kalekale, alekeni. Kawirikawiri m'nkhani ya mbuziyo ndimo muli chifukwa chimene mudzi udagawikirana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lamya ya m'manja ndi yothandiza kujambula mau, mukapempha chilolezo. Koma lamya imagwera m'madzi, imabedwa, imafa. Usiku womwewo kopererani zonse m'kope, ndipo pamwamba pa tsamba lembani tsiku, dzina la amene wakuuzani ndi ubale wake kwa inu.

Maina ndi msampha wina. Munthu mmodzi wa kale ankatha kukhala ndi maina anayi: la paubwana, la pachinamwali, la paubatizo, ndi lina limene adapatsidwa ndi kapitawo ku esiteti kapena ku mgodi. Mayi akabereka, dzina lake linkamira, n'kutsala "make uje" kapena Naphiri, Nabanda, Nambewe. Ndipo m'mudzi umodzi a Naphiri angakhalemo khumi. Komanso wolowa ufumu amalowa ndi dzina lomwe, kotero kuti agogo akamati "a Mkanda adatero", muyenera kufunsa kuti a Mkanda ake ati, pakuti ufumu umenewo ndi wakale ndipo adakhalapo ambiri. Mukapanda kusamala mudzasandutsa anthu atatu kukhala mmodzi wokhala ndi moyo zaka 150.

Musakhulupirire pakamwa pamodzi. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Nkhani imene mwamva kwa amalume, kaifunseninso kwa mchemwali wawo, kenaka kwa munthu wa banja lina amene alibe chopindula nayo. Zikasiyana, musasankhe yokukomerani; lembani zonse ziwiri, iyi ya auje, iyi ya auje. Pamene pali zolembedwa, kaziyang'aneni. Ma parishi akale monga Kachebere, Guilleme ndi Ludzi amasunga mabuku a ubatizo ndi a maukwati, momwe mumalembedwa maina a makolo ndi midzi yawo, ndipo mipingo ya CCAP nayonso ili ndi mabuku ake a chiyanjano. Kapempheni mwaulemu kudzera kwa akuluampingo. M'masutikesi a m'nyumba mwanu momwemo mungapezeke makadi a msonkho, ziphaso za ku mgodi, makadi a kusikelo ndi makalata. Amene ali ndi mwana wophunzira ku Zomba angamtume ku nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma, ya National Archives, kumene kuli mabuku a ma DC a nthawi ya atsamunda. Mabuku amenewo muwawerenge ndi diso limodzi lotsegula: olembawo adali alendo, ankamva kudzera mwa womasulira, ndipo mfumu imene inkawathandiza kutolera msonkho ankailemba bwino kuposa inzake.

Zosayenera kulowa m'kope

Pano ndilankhule mosabisa. Mukakumba kwambiri mudzafukula zina zowawa. Mudzamva kuti kholo lina lidabwera m'mudzi monga kapolo, kapena lidagwidwa pa nkhondo, kapena lidaperekedwa polipira mlandu. Mudzamva za amene adamwetsedwa mwabvi, ndi za mwana amene bambo wake si uja amatchulidwa. Ine ndikuona kuti za ukapolo ndi za nkhondo siziyenera kuchititsa munthu manyazi lero, pakuti wogwidwa sadalakwe kanthu. Koma si inu nokha eni ake a nkhaniyo, ndipo mau amodzi otayidwa pa chitsime angathe kuthetsa ukwati kapena kulanditsa munthu munda. Nkhani ikakhudza anthu amoyo, funsani amene wakuuzaniyo ngati ili yolemba kapena yongosunga m'mutu, ndipo mverani. Za kutsimba ndi za kudambwe zili ndi eni ake ndi malo ake. Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005, koma zimenezo sizidapatse munthu aliyense ufulu wolemba zinsinsi zake m'kope limene ana angatsegule. Ndipo amene akuyamba ntchitoyi ndi cholinga chopezera mfuti yowombera abale pa mlandu, ndi bwino angoisiya. Akuluakulu amanunkhiza msanga mtima wotero, ndipo adzatseka pakamwa.

Tsamba limodzi mulisungire machona. Palibe mbumba ya ku Mchinji imene ilibe munthu amene adapita ku Walale, ku Joni, ku Wankie kapena ku migodi ya kopa ya ku Zambia, osabweranso. Ena adapita pansi, ena pa magalimoto a Ulere, ena adalembedwa ndi Mthandizi kapena Wenela. Boma lidaimitsa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo chaka chimenechonso ndi chikhomo chabwino: adapita ndege isanagwe kapena itagwa? Lembani dzina la munthuyo, maina ake onse, mudzi, mfumu, chaka choyerekeza ndi malo amene kalata yomaliza idachokera. Ku Zimbabwe kuli zidzukulu zambiri za anthu amenewa zimene zimangodziwa kuti agogo awo adali a ku Nyasaland, mwina ndi dzina la Fort Manning ndi la mfumu. Masiku ano ena a iwo amafunsa pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo chimene chingawalumikize ndi inu ndi maina awiri kapena atatu amene mbali zonse zikuwadziwa.

Kope likadzafika pakati, musalibise. Pa sadaka kapena pa chiliza, pamene mbumba yasonkhana ndipo a kutsidya kwa malire abwera, pemphani mwini mbumba kuti muwerengeko masamba oyenera kumva onse. Adzakutsutsani, adzakangana okhaokha, wina adzakumbuka dzina limene lidasowa. Khalani ndi cholembera m'manja. Mukatero gulani kope lachiwiri, mupatse mtsikana wa sukulu wa dzanja labwino akopere zonse, ndipo limenelo likasungidwe m'mudzi wina. Lanulo likulungeni m'pepala la pulasitiki, muliike m'sutikesi pamwamba pa thandala, kutali ndi chiswe ndi podontha.